Boma lili ndi malire: zimene malamulo aakulu a dziko lino amanena pa ufulu wa munthu

Wapolisi akakuimitsani pamsewu m'bandakucha, ndani ayenera kudzifotokoza: inu, kuti mukupita kuti, kapena iye, kuti wakuimitsiranji? Amalawi ambiri anganene kuti ndi inu. Tinaleredwa motero, kuti boma silifunsidwa, ndipo munthu wochenjera amavula chipewa n'kunena kuti "pepani bwana" ngakhale asakudziwa chimene walakwa. Koma malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, amene anayamba kugwira ntchito pa 18 Meyi 1994 n'kukhazikitsidwa kotheratu chaka chotsatira, amayankha mosiyana. Munthu amabadwa ndi ufulu wake, sachita kuupempha kwa wina aliyense. Boma ndi limene liyenera kuonetsa lamulo lolipatsa mphamvu yokhudza ufuluwo, komanso chifukwa chomveka chochitira zimenezo. Likalephera, wolakwa ndi boma.

Amene anawalemba motere sankalota. Ankakumbukira kumene tinachokera. Malamulo a 1966, amene anasandutsa Malawi dziko la chipani chimodzi, anasiya kunja mndandanda wa maufulu umene unali m'malamulo a 1964. Mu 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda anakhala pulezidenti wamuyaya. Munthu ankatha kutsekeredwa ku Mikuyu zaka zambirimbiri osaonekera kukhoti, chifukwa lamulo la chitetezo cha dziko linkalola kuti atsekeredwe ndi chikalata chosainidwa basi. Lamulo lina linkalola boma kulanda katundu wa munthu. Mu 1967 Mboni za Yehova zinaletsedwa, ndipo pokana kugula khadi ya chipani zinaotcheredwa nyumba, zambiri n'kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Mu 1973 lamulo linalowerera mpaka pa kavalidwe: mayi sankaloledwa kuvala thalauzi kapena siketi yoonetsa mawondo. Orton Chirwa, amene anakhalapo nduna ya zamalamulo, anazengedwa mlandu woukira boma pamodzi ndi mkazi wake Vera m'khoti la mafumu, kumene loya sankaloledwa kuimira munthu. Mu 1983 anagamulidwa kuti aphedwe, chilangocho chinasinthidwa kukhala moyo wonse m'ndende, ndipo Orton anafera kundende ya Zomba mu Okutobala 1992.

Chimene chimandiopsa kwambiri pa mbiri imeneyi ndi chakuti zambiri mwa izi zinali zololedwa ndi lamulo. Nyumba ya Malamulo inkakumana, aphungu ankavota, mabilu ankadutsa, ndipo wapolisi womanga munthu ankakhala ndi pepala loyenera m'manja. Ndiye kunena kuti "tizitsata malamulo" pakokha sikuteteza munthu, popeza wolamula akhoza kudzilembera lamulo limene akufuna. Pamafunika lamulo lina lokhala pamwamba pa olemba malamulowo, limene iwo sangalisinthe mwachisawawa. Maepisikopi a Chikatolika atatulutsa kalata yawo imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, ndipo anthu oposa 60 mwa 100 alionse atasankha nyali ya matipate pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, ntchito imene inatsala inali yolemba lamulo lotero.

Mtima wake uli pa gawo 12. Limati mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu a ku Malawi, ndipo zigwiritsidwe ntchito potumikira ndi kuteteza anthuwo basi. Limati aliyense amene ali ndi mphamvu za boma wangosungitsidwa, ndipo azigwiritsa ntchito kulekezera pamene lamulo lamulola. Limatinso palibe munthu kapena bungwe limene lili pamwamba pa lamulo. Amayi a banki mkhonde mfundo imeneyi amaidziwa bwino kuposa aphungu ena. Bokosi la ndalama limakhala kunyumba ya msungichuma, koma ndalamazo si zake. Bokosilo limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, ndipo limatsegulidwa pamaso pa gulu lonse. Sikuti amayiwo amayesa msungichuma wawo mbala. Nthawi zambiri amasankha munthu amene amamukhulupirira kwambiri. Koma amadziwa kuti tsiku limene mwana wadwala kapena fetereza wakwera mtengo, ngakhale munthu wabwino amayesedwa, choncho sasiya chuma chawo chidalire ubwino wa mtima wa munthu mmodzi.

Magawo 7, 8 ndi 9 amagawa makiyi a dziko chimodzimodzi. Pulezidenti ndi nduna zake amayambitsa mfundo ndi kuyendetsa malamulo. Nyumba ya Malamulo imapanga malamulowo ndi kuvomereza ndalama zimene boma ligwiritse ntchito. Makhoti amamasulira ndi kuteteza malamulo, mosayang'ana nkhope. Pamwamba pa zonsezi pali gawo 5, lalifupi koma lolemera: lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma chimene chikutsutsana ndi malamulo aakuluwa chilibe mphamvu. Ngakhale aphungu onse atagwirizana, osatsala ndi mmodzi yemwe, kuti anthu a mpingo wakutiwakuti asamapemphere, lamulo limenelo lingakhale pepala chabe. Apa ndi pamene ambiri timasokonezeka, poganiza kuti demokalase ndi kuwerenga manja basi. Ochuluka amasankha wolamula, inde, koma pali zinthu zina zimene ochuluka sangalande kwa munthu mmodzi. Ndipo magawo ofunika kwambiri, kuphatikizapo mutu wonse wa maufulu, tanthauzo lake silingasinthidwe ndi aphungu okha popanda kufunsa anthu pa riferendamu.

Wina afunsa, ndipo afunsa bwino: ndiye kuti aliyense azingochita zimene akufuna? Ayi. Ufulu wambiri uli ndi malire. Wakuba amamangidwa ngakhale gawo 18 limateteza ufulu wa munthu wosatsekeredwa. Woyendetsa minibasi amaimitsidwa pa rodibuloko. Amene anaotcha masitolo a anthu ndi kulanda katundu pa zionetsero za 2019 sangabisale kumbuyo kwa gawo 38, chifukwa gawolo limateteza kusonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, opanda zida. Nkhani siili pakuti boma lingaike malire kapena ayi. Ili pakuti malirewo ayesedwa ndi chiyani, ndipo muyeso wake uli pa gawo 44. Malire alionse ayenera kulembedwa m'lamulo, osangochokera pakamwa pa wamkulu. Ayenera kukhala omveka ndi oyenerana ndi vuto limene akufuna kuthetsa. Ayenera kukhala ovomerezeka pa mfundo za ufulu wachibadwidwe zimene maiko amatsata, komanso ofunikadi m'dziko la demokalase lochita zinthu poyera. Kuwonjezera apo, asafafanize ufuluwo wonse mpaka kutsala dzina lokha, ndipo akhudze aliyense mofanana, osati kulembedwa n'cholinga chosaka gulu limodzi.

Mawu amenewa amamveka a m'kalasi mpaka mutaona mmene anagwirira ntchito pa mlandu wa vakabu. Mu Malichi 2015, Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo mumzinda wa Blantyre, analawirira m'bandakucha kupita ku Limbe kukachita geni yake. Apolisi anamugwira panjira n'kumutsekera. Mlandu wake unali wa pa gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu ya upandu, limene linkati munthu wopezeka pamsewu kapena pamalo ena alionse, pa nthawi ndi m'njira yochititsa kuganiza kuti ali pamenepo ndi cholinga choipa, ndi wolakwa. Taonani bwino: sipankafunika kuti wabe, wathyola nyumba kapena wamenya munthu. Kuganiza kwa wapolisi kunali kokwanira. Lamuloli tinalilandira kwa atsamunda, ndipo mizu yake ili ku lamulo la ku England la 1824 lothamangitsa oyendayenda. Aliyense wokhala m'tauni amadziwa amene vakabu inkawagwira. Wa galimoto ankadutsa pa ola lomwelo, msewu womwewo, osafunsidwa kanthu. Wogwidwa anali woyenda pansi: mlonda wochokera kuntchito, mayi wolawirira kukapikula tomato, mnyamata wa kabaza. Ambiri ankangovomera mlandu kukhoti la majisitireti n'kulipira faindi, chifukwa kukana kunkatanthauza kugona masiku ena m'chitokosi pamene ana kunyumba alibe ufa.

Gwanda sanavomere. Mothandizidwa ndi mabungwe omenyera ufulu, nkhani yake inafika kubwalo lalikulu, kumene oweruza atatu anakhala ngati khoti lomasulira malamulo aakulu. Pa 10 Januwale 2017 anagamula kuti gawolo ndi losemphana ndi malamulo aakulu. Boma linali ndi yankho lake, loti lamuloli limathandiza kupewa umbanda, ndipo cholinga chimenecho n'chabwino, palibe angatsutse. Koma gawo 44 silifunsa ngati cholinga chili chabwino chokha. Limafunsanso ngati njirayo ili yoyenera ndi yofunikadi. Khoti linaona kuti lamuloli linali losamveka bwino moti munthu sakanadziwa chimene ayenera kupewa kuti asamangidwe, linkapatsa wapolisi mphamvu zopanda mpanda, linkanyozetsa ulemu wa munthu, ndipo linkagwera osauka. Apolisi ali nazo kale mphamvu zomanga munthu amene pali zifukwa zenizeni zomuganizira mlandu weniweni. Kwa ine chigamulo chimenechi n'chofunika mofanana ndi cha mu 2020 chimene chinafafaniza chisankho cha pulezidenti, ngakhale sichinaimbiridwe nyimbo m'misewu, chifukwa chinaonetsa kuti buku limene limaweruza apulezidenti lingathenso kuimira munthu wogulitsa majumbo.

Mlandu wa m'bindikiro wa Covid-19 ndi wovutirapo, ndipo ndi bwino kuuona chifukwa pamenepa boma linali ndi chifukwa champhamvu kwambiri: moyo wa anthu. Mu Epulo 2020 nduna ya zaumoyo, Jappie Mhango, inalengeza kuti dziko lonse likhala pa m'bindikiro wa masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo. Mavenda anatuluka m'misewu kukana. Sikuti sankaopa matenda, koma munthu amene amadya zimene wagulitsa tsiku lomwelo ukamutsekera m'nyumba milungu itatu wamugamula njala. Pa 17 Epulo woweruza Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso, bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC ndi anthu ena atakadandaula. Mu Sepitembala chaka chomwecho khoti lomasulira malamulo aakulu linagamula kuti malamulo a m'bindikirowo anali osavomerezeka. Nduna inawapanga pansi pa lamulo la zaumoyo, koma zimene ankachita zinali zazikulu kuposa mphamvu zimene lamulolo limapatsa nduna. Kuimitsa maufulu ochuluka chotere kuli ndi khomo lake lolowera, ndipo boma linalizemba. Khoti linanenanso kuti boma silingatsekere anthu osauka popanda kukonza mmene adyere.

Khomo limenelo ndi gawo 45, lonena za nthawi imene dziko lili pangozi yaikulu. Pulezidenti angalengeze nthawi yotere pokhapokha pali nkhondo, chiopsezo cha nkhondo, nkhondo yapachiweniweni kapena ngozi yachilengedwe yokhudza dera lalikulu. Komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo iyenera kuvomereza, ndipo pakatha masiku 21 chilengezocho chimatha chokha ngati aphungu sanachiwonjezere. Ngakhale zitafika pamenepo, pali maufulu amene sakhudzidwa: moyo, kusazunzidwa, kusagwidwa ukapolo, kusapatsidwa chilango pa chinthu chimene sichinali mlandu pamene unkachichita, kufanana pamaso pa lamulo, chipembedzo ndi chikumbumtima, ufulu wa aphunzitsi ndi ophunzira m'sukulu zaukachenjede, ndi ufulu wopempha khoti kuti liitanitse munthu wotsekeredwa. Alipo amene mpaka lero amati khoti linaika miyoyo pachiswe, ndipo nkhawa yawo si yopanda pake. Koma malamulo aakulu amakayikira kwambiri mphamvu zimene zabwera ndi chifukwa chabwino, popeza ndi zimene anthu amapereka msanga osafunsa kuti zidzabwezedwa liti. Kutsekera anthu popanda mlandu m'nthawi ya chipani chimodzi nakonso kunkatchedwa kuteteza dziko.

Palibe chipani chimene chinalowa m'boma osayesako mpandawu. Mu 2002, otsatira Bakili Muluzi anafuna kuchotsa malire a gawo 83, loti pulezidenti asapitirire materemu awiri otsatizana. Muluzi analetsa zionetsero zokhudza nkhaniyi, koma bwalo lalikulu linati mawu a pulezidenti si lamulo lolanda anthu ufulu wosonkhana. Pa 4 Julayi 2002 biluyo inapeza mavoti 125 pamene pankafunika 128. Mavoti atatu okha ndi amene anatchinga. Mu 2011, pansi pa Bingu wa Mutharika, mkulu wa apolisi anaitanitsa mphunzitsi wa ku Chancellor College, Blessings Chinsinga, kuti afotokoze zimene ananena m'kalasi, ndipo mkangano umene unabuka unaimitsa maphunziro miyezi yambiri. Chaka chomwecho kunabwera lamulo lovutitsa kutenga chiletso chotsutsa boma, ndipo pa zionetsero zimene zinayamba pa 20 Julayi anthu 20 anaphedwa. Bingu atamwalira mu Epulo 2012, nduna zina zinayesa kutchinga Joyce Banda, koma malamulo ankanena momveka kuti wachiwiri kwa pulezidenti ndiye alowe, ndipo analumbira pa 7 Epulo. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, cha tipeksi chija, n'kumasuliranso kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka. Miyezi ingapo pambuyo pake boma la Peter Mutharika linayesa kutumiza mkulu wa makhoti, Andrew Nyirenda, ku tchuthi chodikira kupuma, ndipo khoti linakana. Mu Disembala 2022, m'nthawi ya Lazarus Chakwera, apolisi anakagwira mkulu wa bungwe lothana ndi katangale, Martha Chizuma, kunyumba kwake kusanache. Amene amakuwa za ufulu ali kotsutsa ndi omwewo amene amaona makhoti ngati chopinga akalowa ku Sanjika. Ichi n'chifukwa chake sindimvetsa munthu wosangalala lamulo likaponderezedwa pofuna kukhaulitsa wa chipani china. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Ena amamva nkhani ya malire a boma ngati kunena kuti boma lichoke, aliyense adzionere yekha. Malamulo athu sanena zimenezo. Gawo 13 limapatsa boma ntchito pa zaumoyo, maphunziro, chakudya ndi chitukuko cha kumudzi, ndipo gawo 30 limatcha chitukuko kuti ndi ufulu. Boma limene lasiya chipatala chopanda mankhwala, kapena limene lalephera kuteteza agogo amene akuwanamizira ufiti kapena munthu wachialubino, laphwanyanso pangano. Malire amanena za njira: boma lichite zambiri, koma lizichita kudzera m'lamulo, poyera, ndipo likhale lokonzeka kuyankha.

Tisadzinamize kuti zonse zinayenda. Makiyi ena anachotsedwa m'manja mwa anthu ndi aphungu eniake. Gawo 64, limene linkalola anthu kuchotsa phungu wawo nthawi yake isanathe, linafafanizidwa mu 1995, malamulowo adakali akhanda. Nyumba yachiwiri ya malamulo, ya Seneti, imene ikanakhala ndi mafumu ndi oimira magulu osiyanasiyana, sinakhazikitsidwe n'komwe, ndipo mu 2001 inachotsedwa m'buku. Gawo 65, loletsa phungu kusamukira chipani china, lakhala likugwira ntchito kapena kugona malinga ndi amene likumupweteka. Pulezidenti akadali ndi mphamvu yosankha anthu ambiri amene ayenera kumuyang'anira iye yemwe.

Ndipo chigamulo cha khoti sichidziyendetsa chokha. Mu 2009, pa mlandu umene mkaidi wina, Masangano, anasumira boma, khoti linati kuthithikana ndi mmene akaidi ankakhalira m'ndende zathu zinali zonyozetsa umunthu. Linakana chifukwa choti boma lilibe ndalama, ndipo linapereka miyezi 18 kuti kuthithikanako kuchepetsedwe ndi theka. Zaka zadutsa zambiri, koma ku Maula, ku Chichiri ndi ku Zomba anthu akadagona mopanikizana, ena mwa iwo ali pa rimandi, khoti lisanawapeze olakwa. Gawo 42 limati womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva, auzidwe kuti ali ndi ufulu wokhala chete, aloledwe kuonana ndi loya ndi achibale, ndipo afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khoti likugwira ntchito ngati maolawo athera pa Loweruka, Lamlungu kapena pa holide. Amene anapititsapo nsima kwa m'bale wake kupolisi amadziwa kuti kumanga munthu Lachisanu madzulo ndi njira yodziwika yotalikitsira maola amenewa. Belo ya kupolisi ndi yaulere, koma anthu ambiri amagulitsa mbuzi kuti ailipire. Lamulo la apolisi limati okonza zionetsero adziwitse bwanamkubwa, koma m'maofesi ambiri kudziwitsako kumatengedwabe ngati kupempha chilolezo.

Njira zodandaulira zilipo. Gawo 46 limalola munthu amene ufulu wake waphwanyidwa kupita kukhoti, kwa Ombudsman kapena ku bungwe la boma loona za ufulu wachibadwidwe, ndipo khoti lingalamule kuti apepesedwe ndi ndalama. Bungwe la Legal Aid Bureau lilipo kuti lithandize amene sangathe kulipira loya. Vuto ndi mtunda ndi ndalama. Bwalo lalikulu lili ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndipo mlandu womasulira malamulo aakulu umafuna kuti mkulu wa makhoti auvomereze kaye, kenako oweruza osachepera atatu apezeke nthawi imodzi. Mlandu wa Gwanda unatenga pafupifupi zaka ziwiri, munthu wokhala mumzinda umene muli khotilo, ali ndi maloya omuimira. Wa ku Nsanje kapena ku Chitipa amene wagwidwa lero pa chifukwa chofanana ayenera kuyamba wapeza munthu womuuza kuti gawo limene amumangira linafa mu 2017.